Makina osokera a Nambala 14

Wapampando: Amayi, kwatsala masabata 3 kuti tigawane ndalama za banki m'khonde yathu, koma bokosi silinakwane. Ngongole ya a Nambala 14 yapitirira ndi miyezi 3. Lamulo lathu likuti tikatenge katundu. Ndimve maganizo anu tisanakumane Lachisanu.

Nambala 6: Maganizo a chiyaninso? Lamulolo tinasainira tonse. Tikanyamule makina osokerawo basi. Salimo 37:21 likuti woipa ndiye amakongola osabweza.

Nambala 14: Lero ndasanduka woipa ine? Ndalama imene ndinatenga ndinabweza yonse. Chatsala ndi chiwongoladzanja ndi chindapusa, zomwe zinakula pamene ndinkadwazika bambo akunyumba kuchipatala. Mukatenga makina, ndisokera chiyani kuti ndikubwezereni?

Mlembi: M'buku zilidi choncho. Chatsala ndi 20 pa 100 ya miyezi itatuyo, kuphatikiza chindapusa chochedwera.

Agogo, Nambala 2: Ana anga, mukatsegule Deuteronomo 24:6. Mulungu analetsa kutenga mphero ngati chikole, chifukwa wotenga mphero watenga moyo wa munthu. Mphero ya mnzathuyu ndi makinawo.

Nambala 6: Agogo, musandilalikire ngati ndine wachikunja. Inenso ndimapemphera. Paulo sananene kuti ndalama ndi tchimo. Ndikungofuna zanga, ndinakhetsera thukuta.

Nambala 9: Zoona, pa 1 Timoteyo 6:10 muzu wa zoipa ndi chikondi cha pa ndalama. Koma mubwerere vesi 9, pamene akuti ofunitsitsa kulemera amagwa mumsampha. Anaumirira ndani kuti chiwongoladzanja chichoke pa 10 chifike pa 20? Si omwe amagula masheya 5 sabata iliyonse? Ife a sheya imodzi timakongola, phindu lalikulu limapita kwa inu.

Msungichuma: Apo mwawalakwira. Popanda masheya awowo mukadakongola chiyani? Kumbukiraninso chaka chatha: tinakhululukira mmodzi, anthu 4 anasiyiratu kubweza. Ndipo bokosi likaperewera chala chimaloza ine, mpaka ena kumanditcha Yudasi wosunga thumba. Ndatopa nazo.

Nambala 6: Ndiye ndinene poyera. Mwezi watha a Nambala 14 anasoka mayunifolomu, analipidwa. Kuno anabweretsa zingati? Hananiya ndi Safira sanafere kusowa, anafera kubisa.

Nambala 14: Ndinalipidwadi. Theka ndinagulira mankhwala. Theka linalo ndinasunga, ndimaopa kuti matenda akayambiranso ndigwira pati. Ndikadanena. Pamenepo ndinalakwa, mundikhululukire.

Agogo, Nambala 2: Mwamva? Wina wagwira ndalama chifukwa cha mantha, wina akuifuna chifukwa ndi yakedi, koma nonse zikukusowetsani tulo. Pa Luka 12 munthu anapempha Yesu kuti auze m'bale wake agawane naye chuma chamasiye. Mwina mlanduwo unali womukomera. Yesu anakana kukhala woweruza wawo, m'malo mwake anachenjeza za dyera, n'kusimba za wolemera uja anafuna kupasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, usiku womwewo moyo wake n'kufunidwa. Dyera silisankha kuti uyu ali ndi masheya angati. Ine ndemwe, ndi sheya yanga imodzi, usiku ndimawerengetsera za tsiku logawana kuposa momwe ndimapempherera.

Mlembi: Nanga thumba la zadzidzidzi tinkasonkheranji? Matenda a amuna awo a Nambala 14 sitinawapatseko kanthu.

Msungichuma: Sanapemphe.

Nambala 9: Ifenso sitinafunse.

Wapampando: Chabwino. Lachisanu tivota zinthu ziwiri: kuchotsa chindapusa, ndi kuwapatsa gawo lawo la zadzidzidzi. Chiwongoladzanja chikhala, a Nambala 14 mubwere ndi theka munasungalo, chotsala tidzadula pa masheya anu pogawana. Makina asawakhudze aliyense. Osunga makiyi nonse atatu musachedwe.

Nambala 6: Ndibwera. Koma a Mlembi mulembe m'buku kuti tsiku lomwe ndidzadwazike ine, chindapusa changanso chidzachotsedwe.

Mlembi: Ndalemba kale.