Ana a ku Chigwa Kunja: zosiya uakauntanti n'kuyamba kupezera anthu ntchito

Wa ku Nchalo (Johannesburg): Akuluakulu mwaswera bwanji? Ndithandizeni nzeru. Ndatopa ndi kuwerengera anthu ena ndalama, mwezi ukamatha ndimachita kugona mu ofesi. Ndikufuna ndisiye, nditsegule kakampani kopezera makampani ma akauntanti ndi anthu a payroll (okonza malipiro a antchito). Alipo akuzidziwa?

Achemwali a ku Ngabu (Cape Town): Ntchito yanga ndi yomweyo. Koma choyamba achimwene, pepala lanu lokhalira ku South Africa kuno ndi lotani? General work visa imamangidwa pa bwana amene anakulembani, mukasiya ntchito nalo lathera pomwepo. Visa ya bizinesi amafuna R5 miliyoni.

Wa ku Nchalo: Ndili ndi permanent residence, ndinapezera alamu anuwa.

Achemwali a ku Ngabu: Ndiye njira ilipo. Kampani mukalembetse ku CIPC (ofesi yolembetsa makampani), msonkho ku SARS (bungwe lotolera misonkho), kenako ku Department of Employment and Labour. Ndipo mumve bwino apa: Employment Services Act ya 2014 imaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito. Ngakhale R50 ya "fomu" ayi. Amalipira ndi olemba ntchitowo, kutengera malipiro a munthuyo a chaka chonse. Ife timadula 15 peresenti.

Vuto ndi loti ndalamayo imayenda ngati ngolo ya ng'ombe pa mseu wa East Bank nthawi ya dzinja. Munthu wapambana intavyu lero, apereka kaye notisi ya mwezi komwe ali. Wayamba, mwatumiza invoisi, iwo akuti alipira pakatha masiku 30, ndipo akauntanti mnzanu wa kampaniyo amaikhalira dala, mukuzidziwa inu zimenezi. Munthu mwawapezerayo akathawa miyezi itatu isanakwane, mumawapezera wina ulere.

Malume a ku Bangula (Durban): Mphwanga, ya Mukuru ija amayi ako amakatenga pa Nchalo mwezi ndi mwezi izichokera kuti? Chichokereni Freddy mu 2023 minda ina sinabwererebe. Usasiye usanasunge ya lendi ndi ya kumudzi ya theka la chaka.

Mnyamata wa ku Dyeratu (Pretoria): Bwana mukatsegula mundiganizire, ndili ndi dipuloma ya ICAM (bungwe la ma akauntanti ku Malawi) koma ndikutsuka magalimoto 😅 CV ndiponye pano?

Achemwali a ku Ngabu: Osaponya pagulu iwe! Muli nambala yako ya pasipoti mmenemo. Achimwene inunso muwerenge POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu: CV ya munthu simutumiza kwina iye asanavomere. Ndipo iwe wa ku Dyeratu, pititsa kaye dipulomayo ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro, akaiyeze, popanda zimenezo mabwana kuno saiyang'ana n'komwe.

Mlamu ali kumudzi (Chikwawa Boma): Bwanji osadzatsegulira konkuno? Ngalande ya mthirira yochokera ku Kapichira ija ikubweretsa makopaletivi, onsewo afuna osunga mabuku.

Malume a ku Bangula: Kwathu kopaletivi ilipire munthu kuti aipezere kalaliki? Tcheyamani ali ndi mwana wa mlongo wake kale 😂

Wa ku Nchalo: Takhuta nonse. Achemwali, makasitomala oyamba mumawapeza bwanji?

Achemwali a ku Ngabu: Mamanijala a zachuma amene munagwirapo nawo, amenewo amakuyankhani foni. Koma muone kaye kontrakiti yanu, ena amaletsa kukhudza makasitomala awo mukachoka. Jambulani tsamba limenelo munditumizire kumbali, ndiona ndikaweruka.