SP-D sikuunjika mabakiteriya, lysozyme ndi lactoferrin nazo zangoti zii

Wophunzira kafukufuku: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikuyesa mapuloteni oteteza mapapo pa bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa. SP-D (surfactant protein D, puloteni ya m'mapapo) ya m'madzi a BAL (madzi otsukira m'mapapo mwa wodwala) imayenera kuunjika mabakiteriya m'timagulu, koma pa maikulosikopu ali balalabalala. Lysozyme ndi lactoferrin zogula, mapuloteni ena awiri olimbana ndi mabakiteriya, ndikusungunulira mu PBS (madzi a mchere ndi phosphate), koma makoloni a mabakiteriya pa puleti sakusiyana ndi control (puleti yopanda mapuloteniwa). Mu BAL ndinathiramo mankhwala a EDTA kuti mapuloteni asaphwanyike.

Wa labu ya mapuloteni: Achimwene, EDTA yo ndiyo yakupwetekani. SP-D ndi mnzake SP-A zimagwira shuga wa pakhungu la bakiteriya pokhapokha calcium alipo, ndipo EDTA imakokolola calcium yense. Chitani dialysis (kusefa kuti EDTA ichoke) mu buffer ya Tris kapena HEPES, muwonjezere calcium wa CaCl2 wa 2 mpaka 5 mM. Mu PBS ayi, phosphate imakhazikitsa calcium pansi ngati ufa woyera. Pakhalenso chubu china cha maltose, shuga amene amatsekereza SP-D kugwira bakiteriya: magulu akabalalika mmenemo, mwadziwa kuti SP-D ndiyo imawamanga.

Dokotala wa mapapo: BAL yo ndi ya odwala otani? Ngati muli ma neutrophil (maselo oyera a magazi) ochuluka, enzyme yawo ya elastase imadula SP-D, makamaka calcium akachepa, ndipo EDTA siiletsa elastase ya neutrophil. Ma defensin a HNP 1 mpaka 3, timapuloteni ta m'ma neutrophil momwemo, nawonso amamatirira SP-D n'kuigwetsa pansi. Mwina mukuyesa madzi opanda kanthu, SP-D inatsalira mu pellet (zodikha pansi pa chubu). Western blot kaye (kuyesa kopezera puloteni), muone ngati mzere wa SP-D wa 43 kDa ulipo wathunthu.

Wophunzira kafukufuku: Ndi ya odwala chibayo, amayi. Ndiye calcium yemweyo ndithirenso kwa lysozyme ndi lactoferrin?

Wa labu ya tizilombo: Iyayi, pamenepo ndi pomwe ambiri amagwa. Lactoferrin imagwedeza LPS (mafuta ndi shuga) ya khungu lakunja la bakiteriya kuti lysozyme ilowe kukadula khoma lamkati la peptidoglycan. Calcium ndi magnesium amalimbitsa khungu lomwelo, ndiye chomwe chikudzutsa SP-D chikugoneka lactoferrin. Mcherenso wa mu PBS, pafupifupi 137 mM NaCl, umafooketsa mapuloteni awiriwa chifukwa amadalira chaji yawo kuti amatirire. Awa ayeseni paokha mu buffer ya mchere wochepa, phosphate wa 10 mM, pH cha m'ma 7.4. Muonenso pa botolo ngati lactoferrin yanu ndi apo (yopanda ayironi) kapena holo (yodzaza kale ndi ayironi). Ine ya holo sindingataye nayo nthawi pa ntchito imeneyi.

Wa labu ya mapuloteni: Zoona. Ndipo EDTA payokha imaboola khungu la Pseudomonas, kotero ikanakhala mu chubu cha lysozyme mukanasangalala ndi zotsatira zabodza. SP-D muigawe m'machubu ang'onoang'ono, kuumitsa ndi kusungunula mobwerezabwereza kumaphwasula ma dodecamer (mitolo ya zidutswa 12 za SP-D), pomwe ma trimer (zidutswa zitatu) okha saunjika bwino mabakiteriya.

Wophunzira kafukufuku: Zikomo kwambiri. Ndiyamba ndi blot mawa, pellet ndinaisunga mu firiza.