Kodi chizimba kwenikweni n'chiyani? Agogo ankati "mankhwala n'chizimba"

Mdzukulu wa ku Mayani

Akuluakulu, ndithandizeni. Malemu agogo anga, obereka mayi anga, anali ndi mawu awo omwe sankatha tsiku osawatchula: "Mtengo aliyense amaudziwa, mankhwala n'chizimba." Ankawanena ngakhale pa nkhani zosakhudza matenda. Munthu akatsegula okala n'kugwa isanathe miyezi itatu, iwo amvekere, "Anatenga mtengo, chizimba anasiya." Tsopano mwana wanga wa Fomu 2 amupatsa ntchito yolemba miyambi ya kwawo ndi matanthauzo ake, walemba umenewu, ndiye wandipanikiza kuti chizimba n'chiyani.

Ine chizimba chomwe ndimachidziwa ndi cha pa wailesi: uyu wagwiririra mwana ati chizimba cha bizinesi, awa afukula manda ati akufuna zizimba. Koma agogo anali mayi wa Chigwirizano, sakanamatchula chinthu chonyansa chotero pamaso pa ana. Kodi kale liwuli linkatanthauza china? Nanga mawu awowo ndi mwambi weniweni kapena anali awoawo?

Wa ku Nathenje

Kwathu timangoti "mankhwala opanda chizimba sagwira." Ndi chimodzimodzi, agogo anuwo anangowakometsa. Chizimba ndi kanthu komwe sing'anga amawonjezera pa mizu kuti mankhwala adzuke. Zili ngati chimera mu mowa: phala liripo, koma popanda chimera silisasa.

Mwana wa sing'anga

Achemwali a ku Mayani, bambo anga anali a zitsamba ndipo ine ndinkawanyamulira thumba popita kuthengo, ndiye ndinene zomwe ndinaona.

Mankhwala achikuda ali ndi mbali ziwiri. Pali mtengo, kutanthauza muzu, khungwa, tsamba kapena chipatso. N'chifukwa chake akale akati "ndikukafuna mtengo" ankatanthauza mankhwala. Ndiye pali chizimba, chomwe nthawi zambiri sichichokera ku mtengo ayi, chimachokera ku nyama, mbalame kapena kachirombo. M'thumba mwa bambo munkakhala mamba a ngaka, minga ya nungu, kachikopa ka kanungu, chigoba cha fulu, ubweya wa kumchira wa fisi. Ankangopalako pang'ono, kapena kuwotcha kachidutswa n'kusakaniza phulusa lake ndi ufa wa mizu ndi mafuta a nsatsi mu nsupa.

Nzeru yake ndi yakuti khalidwe la nyamayo lilowe m'mankhwala. Ngaka ikaona mdani imadzipinda, mkango ungoigubuduza mpaka kutopa, ndiye mamba ake ndi otsirikira. Fulu chimodzimodzi. Kanungu dzina lake lina ndi chisoni, ndiye wopita ku mlandu ankamupatsa kachikopa kake kuti bwalo limumvere chisoni. Fisi amayenda usiku anthu ali mtulo, n'chifukwa chake mumamva kuti akuba amayenda ndi mchira wa fisi kuti eni nyumba asadzuke.

Koma chomwe ndikufuna muonetsetse ndi ichi. Munthu akabwera ndi m'mimba mopotokola, bambo ankakasenda khungwa la muwawani, kuviika m'madzi, imwa. Panalibe chizimba. Wa chifuwa ndi chimfine ankamuwiritsira masamba a chanzi n'kumufunditsa bulangeti pa nthunzi. Wa zipere ankamupaka utomoni wofiira wa mlombwa. Udzudzu ukavuta, mpungabwi pa makala. Zonsezi mayi aliyense wa m'mudzi ankazidziwa, sankapitira n'komwe kwa sing'anga. Ndiko kuja agogo anu ankati mtengo aliyense amaudziwa. Thumba la zizimba linkatsegulidwa pokhapokha wabwera wofuna mwayi wa ntchito, wa mlandu kwa amfumu, wofuna mfumba ya m'munda, chambu choteteza chinangwa kwa akuba, konda ine, kapena kutsirika nyumba yatsopano. Nkhani ikamatalikira thupi, chizimba chimakula, ndipo mtengo wake wa ndalama umakweranso.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu

Mwalongosola bwino achimwene, koma mwasiya theka. Kuno chizimba si chinthu chogwirika chokha. Lamulo lomwe sing'anga wakupatsa nalonso ndi chizimba. Ukasambire pa mphambano usiku, pobwerera usacheuke. Usadye therere kapena nyama ya nkhumba pomwe ukumwa mankhwalawa. Khungwa usende la kum'mawa ndi la kumadzulo, osati kuzungulira mtengo wonse. Usathire mchere m'ndiwo, usalowe m'nyumba kufikira mankhwala atatha (akuluakulu mwandimva). Munthu akaphonya chimodzi timati waphwanya chizimba, ndipo amati ena amapenga nazo. Ndiye mwana wanu alembe matanthauzo onse awiri.

Mwana wa sing'anga

Aphunzitsi, pamenepo tisiyana pang'ono. Zoti usadye therere bambo ankazitcha zosala kapena miyambo ya mankhwala. Koma zoti ukachite chakutichakuti kuti mankhwala agwire, monga kusamba pa mphambano, eya, ndikuvomera, ankatinso chizimba. Chosala umapewa, chizimba umachita.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu

Kumeneko ndi kugawa kwa eni ntchito. Ife odwala timangoti zonse zizimba.

Wa ku Katete

Kuno ku Zambia tilemba cizimba koma ni cimodzimodzi. Ambuya anga anali kukamba kuti cizimba ca nkhoswe ni kusunga pakamwa. Sanali kukamba za mankhwala iyai, anali kutanthauza kuti cinsinsi ca nchito imeneyo ni cimeneco.

Namwino wa ku Chikwawa

Ine ndigwirizane ndi mwana wa sing'anga, ndipo umboni uli kwathu kuno ku Chigwa cha Shire. Kuli chomera choyanga chotchedwa kombe. Alenje achimang'anja ankasinja njere zake n'kupanga ulembe wopaka ku mivi. Nyama ikalasidwa inkathamanga pang'ono n'kugwa, iwo n'kudula pomwe panalowa muvi, yotsalayo n'kudya. Paulendo wa David Livingstone wa 1858 mpaka 1864 panali dokotala wina, John Kirk, yemwe ankatolera zomera. Iye anasunga kombe m'thumba momwe munalinso mswachi wake. Potsuka mano anamva kuwawa mkamwa, kenako anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Njere zija zitafika ku Edinburgh, Thomas Fraser anazifufuza n'kupezamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin, omwe madokotala a ku Ulaya anawagwiritsa ntchito zaka zambiri. Mpaka lero dzina la chomeracho m'mabuku a sayansi ndi Strophanthus kombe, liwu lathu lomweli.

Tsono Kirk uja ndani anamupatsa chizimba? Sanasambe pa mphambano, sanasale therere, sankadziwa n'komwe kuti wamwa kanthu. Mtengo unagwira wokha. Chimodzimodzi mthuthu, ena amati ombwe: ukasinja masamba ake n'kuthira padziwe nsomba zimayandama, kaya wothirayo ndi mkhristu kaya ndi wa gule. Utomoni wa nkhadze ukagwera m'diso sufunsa kuti unacheuka kapena ayi.

Ndipo poti mitengo imagwira yokha, imapwetekanso yokha. Amayi ena amamwa mwanamphepo kuti matenda a uchembere ayambe msanga. Amayambadi, koma mwamphamvu khomo la chiberekero lisanatseguke, ndipo tawalandirapo ena chiberekero chitang'ambika. Achibale akafika amati mwina anaphonya mwambo wina. Sanaphonye kanthu mayiyo, mankhwalawo alibe muyeso, ndipo kapu ya azakhali awa si kapu ya azakhali awo.

Kabaza wa ku Lunzu

Kkkk amayi anamwino mwalasa. Ine ndimati chizimba ndi khomo lothawira la sing'anga. Mankhwala akagwira, ndi ukatswiri wake. Akakanika, "munacheuka inu." Ndani angayende mtunda wonse kuchoka pa mphambano usiku, galu akuuwa kumbuyo, osacheuka?

Mwana wa sing'anga

Achimwene a kabaza, sindikutsutsani kotheratu, achinyengo alipo ndipo masiku ano achuluka, aja omata mapepala pa mitengo ya magetsi. Komabe malamulo ena anali ndi nzeru zake. Kusenda khungwa mbali ziwiri zokha kumasiya mtengo wamoyo. Mukauzunguliza wonse umauma, chaka chamawa mukasenda kuti? Bambo akakumba muzu ankadula umodzi n'kukwirira dzenje, ati ukasiya poyera wodwala sachira. Pitani mukaone mmene ogulitsa m'misika akupululira muwawani ndi gondolosi, mudzamvetsa chifukwa chake akale anamangirira lamulolo pa moyo wa wodwala. Akanangoti "samalani mitengo" palibe akanamva.

Mayi wa ku Machinga

Ndawerenga zonse, koma tisakometse kwambiri. Funso la achemwali linayambira pa zomwe amamva pa wailesi, ndipo zimenezo si zopeka. Maganizo omwewo akuti khalidwe la ngaka limalowa m'mankhwala ndi omwe anafika poti fupa la munthu lili ndi chuma. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 abale athu achialubino akhala akusakidwa, kuphedwa, manda awo kufukulidwa, ndipo boma lathu la Machinga linatchuka ndi zomvetsa manyazizi. Mpaka aphungu anakhwimitsa malamulo mu 2016. Mwana wa mnansi wanga anasiya sukulu nthawi imeneyo chifukwa njira yake inkadutsa m'chimanga. Mayi ake ankagona atatsamira chitseko.

Ndiye wina akati kale chizimba chinali choyera, ine ndimakayika. Nkhani zoti wakuti anakhwimira chigayo, anapereka mwana wake kuti akhale chitsiru, tinazimva tili ana. Kusiyana kwake n'kwakuti kale zoterozo zinkatchedwa ufiti, ndipo sing'anga wochiza sankafuna kuti dzina lake limveke pafupi nazo.

Mwana wa sing'anga

Zoona mayi. Bambo munthu akangoyamba nkhani ya kukhwima ankamuuza kuti wasochera khomo. Ndipo ngakhale zizimba za nyama zija lero ndi mlandu. Chisinthireni lamulo la nyama zakuthengo mu 2017, kupezeka ndi ngaka kapena mamba ake kungakulowetse m'ndende zaka zofika 30. Thumba lija tinalitentha iwo atamwalira.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu

Pa za malamulo ndiwonjezere mwavi, poti ana a masiku ano amangomva dzina. Ndi khungwa la mtengo waukulu wa m'mbali mwa mitsinje. Woganiziridwa ufiti ankamwetsedwa madzi ake: akasanza ndiye kuti ndi wosalakwa, akafa ndiye kuti inali mfiti. Nthawi zina ankamwetsa nkhuku m'malo mwa munthu. Atsamunda analetsa mu lamulo la za ufiti la 1911. Apa napo mtengo unali ndi poizoni wakewake, ndipo wosakaniza ndi amene ankadziwa kuti wathira wochuluka bwanji. Anthu ankati mwavi sunama, koma wogwira chikho anali munthu.

Tibwerere ku homuweki ya mwana, tingamusokoneze. Mawu a agogowo ali ndi tanthauzo lapamwamba ndi lapansi. Lapamwamba ndi lomwe afotokoza anzangawa. Lapansi, lomwe iwo ankanena pa nkhani ya okala, ndi lakuti pa ntchito iliyonse pali zooneka zomwe aliyense angathe kutengera, ndiye pali kanthu kobisika komwe eni ake okha amadziwa. Wotsegula okala anaona mashelefu ndi sugar ndi sopo kwa mnzake, n'kutengera. Sanaone kuti mnzakeyo sakongoza abale, ndipo ndalama ya mpamba sagulira ndiwo. Mwana alembe kuti mwambiwu umalangiza munthu kufunsa eni ntchito asanayambe kutsanzira. Akafuna unzake woyandikana nawo, pali uja wakuti "kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kabaza wa ku Lunzu

Aphunzitsi, wa nkhono uja ndi wa kuleza mtima, si wa chinsinsi. Mwanayo angalakwitse chifukwa cha inu kkkk.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu

Ndati woyandikana nawo, sindinati wofanana. Wofuna chizimba cha ntchito amayenera kukhala pansi nthawi yaitali pafupi ndi mwini wake. Inu njinga munangoikwera tsiku limodzi n'kuyamba kunyamula anthu?

Mdzukulu wa ku Mayani

Zikomo nonse, mwana walemba tanthauzo la aphunzitsi, ndipo nkhani ya kombe akuti akafotokozera anzake m'kalasi. Koma mwandiutsira china. A mwana wa sing'anga mwatchula chambu. Kumunda kwa malume kunkalendewera kachiguduli kakuda pa mtengo wa mango, ndipo ankatiuza kuti wakuba akalowa azingozungulira m'mundamo mpaka mwini wake amupeze. Ena ankati ayi, amatupa mimba. Chambu ndi chiti pamenepa, ndipo amapangira mtengo wanji?

Mwana wa sing'anga

Zonse ziwiri amazitcha chambu, zimatengera yemwe watchera. Za mtengo wake sindinena pagulu pano, mawa ena angayambe kupachika ziguduli m'minda ya eni. Koma dziwani kuti ambiri omwe ankabwera kudzapempha chambu, bambo ankawauza kuti akachipachike poonekera, cha kunjira, ndipo akauze anthu awiri atatu pa mowa kuti munda watsirikidwa.