Bwanji check-in imatsekedwa ndege ili pomwepo?

Nangozo: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndege ya ku Johannesburg ikakhala yonyamuka 1 koloko masana pa Kamuzu International Airport (KIA), n'chifukwa chiyani amabweza munthu wofika 12:15, chonsecho ndegeyo ikuoneka ili phee pabwalo?

Wa ku Lumbadzi: Achemwali, 1 koloko imeneyo ndi nthawi yoti zitseko zatsekedwa kale, ndege yayamba kusuntha. Pa maulendo akunja makampani ambiri amatseka check-in, polembetsa ulendo ndi kupereka zikwama paja, kutatsala mphindi 60. Akatseka m'pamene amawerengera kulemera kwa anthu, katundu ndi mafuta, n'kugawa zikwama m'zipinda zapansi, china kutsogolo china kumbuyo, kuti ndege isalemere mbali imodzi. Zonsezi zimalembedwa pa kalata yotchedwa loadsheet, ndipo kaputeni sanyamuka asanaisainire. Munthu wobwera mochedwa ndi chikwama chake amasokoneza masamu amenewa. Komanso iyeyo amakhala asanadutse ku imigireshoni ndi posecha.

Nachisale: Posechapo ndi pomwe anthu amatayira nthawi. Zamadzimadzi za m'chikwama cham'manja zisapose 100 ml botolo lililonse, ndipo amayang'ana kukula kwa botolo, ngakhale mafuta odzola atatsala pang'ono pansi. Power bank ikhale m'manja, osati m'chikwama chopita pansi, chifukwa batire ikayaka kumeneko palibe woizimitsa msanga. Akaiona pa makina amakuitanani kuti mukatsegule chikwamacho.

China, yang'anani nthawi yokwerera pa boarding pass, chiphaso chokwerera ndege chija, chifukwa geti imatsekedwa kutatsala mphindi 15 kapena 20. Mukapereka chikwama koma osafika pageti, lamulo n'lakuti chikwamacho chitsike. Anyamata amachifufuza ndi nambala ya pa tagi pakati pa zikwama zonse, anthu ali chikhalire m'ndege. Kameneka ndi kamodzi mwa zinthu zochedwetsa ndege zomwe zikanapeweka.

Wa ku Lumbadzi: Zoona mayi. Zitseko zikatsekedwa ntchito imakhala ikadalipo: achotse masitepe ndi zotchingira matayala, oyendetsa apemphe chilolezo ku tawa choyatsa injini, kenako choyenda mpaka pa runway, msewu womwe ndege imanyamukirapo ndi kuterapo. Pa KIA runway ndi imodzi, ndiye ina ikamatera yanu imadikira. Imanyamuka moyang'anizana ndi mphepo, choncho tsiku lina imayenda mtunda wautali kukayambira mbali inayo.

Nangozo: Zikomo kwambiri. Ndiye munthu afike nthawi yanji?

Nachisale: Kutatsala maola atatu, makamaka ngati mukalumikiza ndege ina ku OR Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg. Pa kauntala funsani ngati tagi yalembedwa mpaka komwe mukathere, ndipo kapepala kake musakataye.