Funso: Kukweza Hardbody ya 2WD kuti isamagunde pansi njira ya ku Chamama

Wofunsa: Akuluakulu a m'gulu muno, ndigawireniko nzeru. Galimoto ndi Nissan Hardbody NP300, single cab, yokoka ndi matayala akumbuyo okha, matayala ake 195R14C. Imatuta soya ndi chimanga ku Chamama kupita pa Kasungu boma, nyengo ya fodya mabelo ku Chinkhoma. Ikasenza matumba 20 kumbuyo kumatsikiratu, ndipo m'njira zokumbika ndi mathirakitala imagunda pamtumbira wapakati. Owotcherera akuti andidulira zitsulo za masentimita 5 zoika pakati pa ekiselo ndi masipuling'i, kutsogolo angomanga ma torsion bar (ndodo zachitsulo zogwira ntchito ya masipuling'i kutsogolo) mpaka ifanane. Ndilole?

Makaniko wa pa Santhe: Musanadule chitsulo, bwana, gwadani muyang'ane kunsi. Ekiselo yakhala pamwamba pa masipuling'i kapena pansi pake?

Wofunsa: Ili pamwamba, akulu. Masipuling'i adutsa kunsi kwake.

Makaniko wa pa Santhe: Ndiyetu musalole. Pa galimoto yotero chitsulocho chimakankhira ekiselo m'mwamba kufupi ndi chasisi, galimoto n'kutsika masentimita 5 omwewo. Ma block oterewa amakweza pokhapokha masipuling'i atakhala pamwamba pa ekiselo, monga pa 4x4 zambiri.

Chachiwiri, onani chomwe chikugunda. Ngati ndi mphika wa difu, chotupa cha pakati pa ekiselo yakumbuyo, masipuling'i sangakuthandizeni: amakweza bodi ndi chasisi, difu imatsala pomwe inali. Chimakweza difu ndi tayala basi. 195R14C ndi lotalika pafupifupi mamilimita 667, pomwe 215/80R15 ndi 725. Kusiyana ndi 58, ndipo difu ikwera theka lake, mamilimita 29. Marimu a mainchesi 15 akhale a mabowo 6. Dziwani kuti mphamvu pokwera chitunda ichepako, ndipo speedometer izinama: ikamati 80 muli pafupi ndi 87. Apolisi a kamera pa M1 sadzamva zoti ndi matayala.

Wopanga masipuling'i, Lilongwe: Ndiwonjezerepo za kumbuyo. Njira ndi ziwiri. Yoyamba, kuwonjezera leaf imodzi (chimodzi mwa zitsulo zosanjikizana za sipuling'i) mbali iliyonse, yofanana m'lifupi ndi zomwe zilipo, ilowe motsatira kutalika kwake, yaitali pamwamba yaifupi pansi. Imakweza mamilimita 25 mpaka 40 ndipo imachepetsa kutsika kuja mukasenza. Pa ntchito yanuyi njira ndi imeneyi. Galimoto ikakhala yopanda katundu izidumpha pamabampu, zimenezo mungovomera.

Yachiwiri ndi ma shackle aatali, zitsulo zolumikiza sipuling'i ku chasisi. Apa anthu amasokoneza masamu: shackle ili kumapeto kwa sipuling'i, ekiselo ili chapakati, ndiye mukatalikitsa ndi mamilimita 50 galimoto ikwera 25 okha. Osapyola pamenepo, yaitali kwambiri imagwedera cham'mbali n'kudya mabushi. Chitsulo chikhale chochindikala mamilimita 8 kapena 10, ndi chopingasa chowotcherera pakati.

Zopinda masipuling'i akale ndi hamala pa njanji zija, musatayepo ndalama. Chitsulo chotopa chimabwerera pakangopita miyezi yochepa, ndipo pomwe hamala inamenya m'pamene chimadzathyokera.

Gulani centre bolt (bawuti yomanga ma leaf pamodzi) yatsopano yotalikirapo ndi ma U-bolt (omangira sipuling'i ku ekiselo) anayi atsopano. Akale anatamuka kale. Mangani mopingasa pang'onopang'ono, mudzamangenso mukayenda makilomita 500. U-bolt ikakhwepa centre bolt imaduka, ekiselo n'kusuntha, galimoto n'kumayenda chammbali ngati nkhanu. Mabawuti a ma shackle mumalize kumanga galimoto itatera pansi, osati ili pa jeke, kuopa kupotokola mabushi.

Dalaivala wa matola, Mtunthama: Bwanji osangotembenuza, ekiselo ipite pansi pa masipuling'i? Imakwera bwino kwambiri.

Makaniko wa pa Santhe: Imakweradi achimwene, masentimita 12 kapena kuposa, koma kumbuyo kokha. Kutsogolo simungafikeko ndi torsion bar. Pamafunikanso kuwotcherera mipando yatsopano pa ekiselo, ndipo ikapendekeka pang'ono prop shaft, shaft yopititsa mphamvu ku difu, siyikhalitsa. Galimoto yosenza mabelo m'mwamba ikakwera chotero, pakona imafuna kugudubuzika. Ayi ndithu.

Za kutsogolo: malire ndi mamilimita 30, mukakakamiza 40. Imikani pamalo osalala, yezani kuchokera pakati pa habu kufika pamlomo wa mudguard, mbali zonse, mulembe. Kwezani ndi jeke matayala alendewere, ikani ma stand, tsukani mazinga a bawuti yosinthira torsion bar ndi kuthira oyilo, chifukwa fumbi ndi dzimbiri zimadula bawuti imeneyi. Mangani mukuwerenga, mbali zonse mofanana. Tsitsani, yendetsani pang'ono, yezaninso. Manambala a tepi ndiwo afanane, ngakhale mbali ina itafuna kuzungulitsa kowonjezera.

Kumanga torsion bar sikuwonjezera mpata woti tayala liziyenda, kumangobera wotsikira. Pakati pa mkono wam'mwamba ndi kamphira koimitsa patsale mpata wolowa chala. Pakapanda mpata, dzenje lililonse likumenya ball joint, mfundo yolumikiza mkono ndi habu, ndipo ball joint ikazuka tayala limapindikira mkati muli paliwiro. Mukamaliza pitani ku alignment tsiku lomwelo. Camber ndi toe, kupendekeka ndi kuloza kwa matayala, zimasuntha, matayala atsopanowo angadyeke mbali imodzi msanga.

Injiniya wa zamagalimoto, Kasungu: Zitatu zomwe zimaiwalika. Mabuleki: kumbuyo pa chasisi pali valavu yolumikizidwa ku ekiselo ndi kasipuling'i, yomwe imamva kulemera kwa katundu. Mukakweza, imayesa kuti galimoto ilibe kanthu n'kuchepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo, inu muli ndi tani yathunthu. Kwezani bulaketi yake ya pa ekiselo ndi mamilimita omwe mwakwezera galimoto. Kenako kwezani chasisi ekiselo ilendewere, muone paipi ya rabala ya mabuleki ndi waya wa handbrake. Zikakungika, sinthani paipi, ikani yaitali.

Ma shock: ekiselo ikulendewera choncho, masulani kunsi muyeze. Shock ikhale yotalikirapo pang'ono kuposa mpatawo. Yaifupi imang'amba zomangira zake, yaitali kwambiri imagunda mkati bump stop, kamphira koimitsa, isanagwire.

Prop shaft: mukamva kunjenjemera ponyamuka kapena pa liwiro lina lake, ngodya za ma universal joint, mfundo za shaftyo, zasiyana. Ya kutsogolo ndi ya ku difu zisasiyane kupyola digiri imodzi. Foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera kupendekeka imakwanira. Mankhwala ake ndi shim, kachitsulo kopyapyala mbali imodzi, ya madigiri 2 kapena 3 pa mpando wa sipuling'i, ndipo ngati shaft ndi ya zigawo ziwiri, tsitsani centre bearing, yogwira shaftyo pakati, ndi mawashala mamilimita 5 mpaka 10.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndikawonjezera leaf, matumba 25 atheka?

Wopanga masipuling'i, Lilongwe: Ayi bambo. Leaf siyisintha ma bearing a ekiselo, mabuleki kapena chasisi. Werengani GVM, kulemera konse kololedwa kwa galimoto ndi katundu, pa kachitsulo ka galimotoyo, muchotsepo kulemera kwa galimoto, kwa inu ndi kwa anyamata okweza katundu. Chotsalacho mugawe ndi 50, makilogalamu a thumba limodzi.