Tizipangizo ta 0805 tikukana kugona pa bolodi ya wotchi

Wokonza mawailesi, Nchalo

Akuluakulu anzanga pantchito, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere sabata yonse ino. Mwana wa mlongo wanga, amene ali Fomu 3, wabwera ndi kit ya wotchi ya manambala yogulidwa ku Blantyre kuti tiilumikize limodzi. Ndakhala ndikukonza mawailesi kwa zaka zambiri, koma ndinazolowera zipangizo zamiyendo zolowetsa m'mabowo, pamene za mu kit imeneyi ndi zomata pamwamba pa bolodi, za saizi ya 0805, zotalika mamilimita 2 okha ngati njere ya chitowe. Ndikangoyandikiza moto, resistor imadzuka n'kuima chilili, solder (chitsulo chosungunula chomatira zipangizo) imaundana m'malo moyenderera, ndipo dzulo pad imodzi (kamalo kakopa pa bolodi pomatapo kachipangizo) yamatuka. Soldering iron yanga ndi ya mawati 60 yopanda posinthira kutentha, waya wa solder ndi wa milimita imodzi, ndipo ma capacitor awiri anauluzika ndi fani mpaka lero sitinawapeze.

Wokonza mafoni, Ngabu

Achimwene, manja anu alibe mlandu, vuto lili pa moto. Solder ya 60/40, yokhala ndi mtovu, imayamba kusungunuka pa madigiri 183, ndipo yopanda mtovu imafuna pafupifupi 217, choncho ife timaika makina athu pakati pa 320 ndi 350. Iron yopanda posinthira ikakhala nthawi yaitali pamagetsi imapitirira apa, nsonga yake imada, flux (mankhwala othandiza solder kumata bwino) ya mkati mwa waya imapserera isanagwire ntchito, ndipo zomatira kopa ku bolodi zimafooka. Nchifukwa chake pad yanu yamatuka.

Kuimirirako kumachitika chifukwa solder yosungunuka imakoka chimene yakhudza, ndipo kachipangizo kopepuka chonchi kamatsata kumene kuli solder yambiri. Ikani solder pang'ono pa pad imodzi yokha, inayo ikhale youma. Gwirani resistor ndi tweezer, sungunulani solder ija, kankhirani resistor m'malo mwake itagona, chotsani iron, koma tweezer musaichotse mpaka solder itauma. Mukatero wotchererani mbali inayo, osapitirira masekondi awiri kapena atatu. Ine ndikanakonda mukanagula iron yokhala ndi posinthira kutentha musanapitirize.

Mphunzitsi wa zamagetsi, Chikwawa

Zimene anena bambo a ku Ngabu pa kachitidwe kake n'zoona, koma pa zogula iron yatsopano ndikusiyana nawo pang'ono, chifukwa ophunzira anga amamaliza mabolodi otere ndi ma iron wamba. Chimene sichingasowe ndi flux yapadera yopaka pa pad iliyonse, ndi waya wa solder wa mamilimita 0.5, pakuti wa milimita imodzi umathira zambiri musanazindikire. Flux yake ikhale ya rosin, utomoni wa mitengo ya paini. Chonde musayerekeze kubwereka ya asidi imene amagwiritsa ntchito okhoma zidebe, chifukwa imagwira bwino lero koma imadya kopa pang'onopang'ono.

Palinso nkhani ya nyengo yathu ino. Mwezi uno wa October kuchigwa kuno kutentha kumafika madigiri 40, ndipo thukuta la m'zala likakhudza ma pad limasiya mchere ndi mafuta zimene solder imazikana. Tsukani bolodi ndi isopropyl (spirit wotsukira mabolodi), muziigwira m'mbali mokha, ndipo ntchito yotereyi muziichita m'mamawa dzuwa lisanakwere. Fani musaizimitse, makamaka poti pali mwana, chifukwa utsi wa rosin umavutitsa chifuwa. Ingoitembenuzani kuti izikoka utsi kuchoka patebulo. Tizipangizoto muzitulutsa kamodzikamodzi, n'kuika m'mbale yoyera yokhala ndi milomo. Mnyamatayo azisamba m'manja akamaliza, chifukwa cha mtovu.

Woika ma sola, Bangula

Bambo, kuno timagwira ndi zimene zilipo. Tengani waya wakopa wokhuthala, muukulunge mothina pansonga ya iron yanu ili yozizira, musiye kachidutswa kotulukira kutsogolo, ndipo mukasongole ngati kachizelo. Kansonga kameneka sikatentha kwambiri ngati nsonga yeniyeni, ndipo kamakwana pa pad. Kamatha msanga chifukwa solder imadya kopa, koma kupanga kena n'kosavuta. Nsonga yeniyeniyo musaipale ndi fayilo, mungachotse chitsulo chimene chimaiteteza. Pa pad yomatukayo, tsatani njira yakopa imene imachokera pamenepo, palani utoto wobiriwira pang'ono mpaka kopa aoneke, ndipo mulumikize ndi kawaya kamodzi kochokera m'chingwe cha timawaya tambiri.

Wokonza mawailesi, Nchalo

Zikomo kwambiri nonse. Ndinayamba 5 koloko m'mawa ndi kansonga kawaya ndi flux, ndipo ma resistor onse agona bwino, mpaka anayi omaliza wawotcherera yekha mnyamata uja. Pa IC, kachipangizo kamiyendo yambiri koyendetsa wotchi, miyendo iwiri inagwirana, koma nditapaka flux n'kudutsitsa nsonga yoyera, solder inatsata nsongayo. M'malo mwa ma capacitor otayika aja ndaika ena ofanana nawo maonekedwe ochokera pa bolodi ya wailesi yakufa. Tsopano wotchi ikuyaka, manambala onse akuoneka, koma nthawi yaima malo amodzi, siikuyenda. Ndayeza ndi mita, palibe pogwirana, ndipo kadontho kosonyeza kumene IC iyenera kuloza kali kumene kakuyenera kukhala.

Mphunzitsi wa zamagetsi, Chikwawa

Bambo, ndiuzeni ngati ma capacitor awiriwo ali pafupi ndi kachitsulo kobulungira konga kachubu. Ngati ndi choncho, vuto lili pomwepo. Kachitsuloko ndi crystal imene imanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo IC imagawa nambala imeneyi pawiri maulendo 15 kuti ipeze sekondi imodzi. Ma capacitor oyandikana nayo amakhala aang'ono zedi, a ma picofarad (pF) ochepa chabe, pamene ochuluka pa mabolodi akale amakhala a ma nanofarad 100 (100 nF), omwe ndi aakulu kuposa amenewo maulendo zikwi zingapo, ndipo crystal singayambe kunjenjemera itasenzetsedwa katundu wotere. Resistor imalembedwa, mwachitsanzo 103 kutanthauza ma ohm 10,000, koma capacitor ya ceramic ilibe chilembo chilichonse, choncho maonekedwe sangakuuzeni kanthu. Achotseni onse awiri, mukutenthetsa mbali zonse mosinthanasinthana, ndipo muone papepala la kit mtengo umene walembedwa.

Wokonza mawailesi, Nchalo

Mayi, ali pomwepo ndithu, mbali zonse za crystal, ndipo papepala palembedwa 22 pF. Ndawachotsa, ndipo masekondi ayamba kuyenda ngakhale malowo ali opanda kanthu.

Wokonza mafoni, Ngabu

Izi zikusonyeza kuti crystal ndi IC zili moyo, achimwene, koma musaisiye choncho, chifukwa popanda ma capacitor amenewo wotchi imathamanga pang'ono ndipo nthawi zina imakana kuyamba. Ndili nawo a 22 pF a saizi ya 0805 adakali m'kalamba kawo. Loweruka ndikudutsa pa Nchalo popita kukagula katundu, ndikusiyirani anayi kuti awiri akhale apadera.