Thandizeni, perefyumu wa nthawi yozizira ino

Abale anga mwaswera bwanji, ine ndili ndi funso. Chiperoni chayamba kuno ku Blantyre ndipo perefyumu wanga wamalimwe uja ndikapopera mmawa pofika 10 koloko kulibe, ngati sindinadzole chilichonse.

Chomwe ndikufuna ndi fungo lomwe azakhali anga ankadzola kale, limayamba ngati wasenda lalanje kapena ndimu, kenako maluwa, rozi ndi jasmine, ndiye madzulo limatsala kakununkhira kena ngati ndere za pamitengo mvula itangokata, kapena nkhalango ya ku Zomba Plateau mmamawa. Ndinamva kuti mtunduwu amautcha chypre, dzinalo linachokera kwa perefyumu wa Coty wa mu 1917, ndipo amasakaniza bergamot (chipatso chonga lalanje), oakmoss (ndere za pamitengo) ndi patchouli (masamba onunkhira). Mitsouko wa Guerlain ndi wa gulu lomweli, Aromatics Elixir wa Clinique chimodzimodzi. Vuto akuti oakmoss anamuchepetsa kwambiri chifukwa amayabwa khungu kwa ena, ndiye atsopanowa sakhalanso ngati akale aja?

Mwezi watha ndinagula botolo kumsika, kabokosi kokongola ndithu koma mkati mungonunkha spiriti, ndalama zanga zinapita zinandiwawa zedi.

Ndiye amene mukudziwa, mumagula kuti oliginolo wake kuno kapena ku Lilongwe? Mlongo wanga akubwera kuchokera ku Johannesburg mu July, ngati kuli kotsikirako mtengo ndimutume kumeneko. Komanso alipo wina wotchipirapo wofanana fungoli yemwe amakhala pa juzi tsiku lonse?